Cessna 152: ndege yophunzirira yoleza mtima, koma yosafuna kupanikizidwa

Kampani ya Cessna inasiya kupanga ndege ya 152 mu 1985, komabe mukalembetsa pasukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege ku South Africa, ku Britain kapena ku America, kawirikawiri chiwongolero choyamba chimene mudzagwire ndi cha ndege imeneyi, apo ayi cha inzake yokulirapo ya 172. Kuyambira mu 1977 anapanga zoposa 7,500, zambiri ku Wichita m'chigawo cha Kansas, zina ku Reims m'dziko la France. Ili ndi mipando iwiri, mapiko ali pamwamba, injini ndi Lycoming O-235 ya mahatchi 110. Kwa wophunzira ndi ndege yabwino, ndipo tikunena zimenezi mosazengereza. Imachedwa kukwiya, imachenjeza isanachite zoipa, ndipo amakaniki amaidziwa bwino. Koma amene akufuna kulipira maola ake pandege imeneyi adziwe pamene imavulazira anthu, chifukwa ngozi zake zimabwerezabwereza m'malo omwewo.

Ngozi zochuluka zimachitika potera, ndipo zambiri siziphetsa munthu, zimangowononga ndege. Buku la ndegeyi limati ma flap (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa potera) akatsitsidwa muyandikire pa liwiro la ma knot 55 mpaka 65 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege). Wophunzira wamantha amawonjezera khumi ena poganiza kuti akudziteteza. Ndege imakana kutera, imangoyandama pamwamba pa msewu woterapo, iye n'kuona kuti msewu ukutha, ndiye amakankha chiwongolero kuti aikakamize. Tayala lakutsogolo limagunda loyamba, ndege imadumpha, mphuno imagwanso, ndipo kudumpha kulikonse kumaposa kwam'mbuyo. Nthawi zambiri pofika kachitatu mwendo wakutsogolo wapindika, khoma lachitsulo la kuseri kwa injini lakwinyika, pulopela yakanda pansi. Pulopela ikagunda pansi injini ili mkati mozungulira, injiniyo iyenera kutsegulidwa n'kuunikidwa, ndipo ndalama zake si zamasewera. Miyendo ikuluikulu ya 152 imapirira nkhanza zambiri, koma wakutsogolo sunapangidwe kuti uzinyamula ndege yonse.

Mankhwala ake ndi kunyamukanso ndege ikangodumpha koyamba: throttle (chowonjezera mphamvu ya injini) yonse mkati, carb heat (chotenthetsera mpweya wolowa mu kabyuleta) itsekedwe, ma flap abwerere pa madigiri 20, liwiro lifike ma knot 55, kenako ma flap otsalawo achotsedwe pang'onopang'ono. Kuchotsa onse nthawi imodzi kumagwetsa ndege. Apa 152 imaposa Cessna 150 imene inailowa m'malo. Ma flap a 150 amafika madigiri 40, ndipo ndi injini yake ya mahatchi 100 imavutika kukwera akakhala pansi onse. Pa 152 anawalekezera pa 30. Za mphepo yowomba cham'mbali, imene anaiyesa popanga ndegeyi ndi ya ma knot 12, ndipo ndege yopepuka chonchi imafuna kuti phiko la kumphepo lisatukuke mpaka mutaima.

Chofooka chachikulu cha 152 ndi kulemera kumene imanyamula. Siyenera kupitirira mapaundi 1,670 ponyamuka, amene ndi makilogalamu 757. Tiyerekeze kuti yanu, ndi mawailesi ndi zina zimene anawonjezera m'zaka zonsezi, imalemera mapaundi 1,150 ili yopanda kanthu. Mafuta ogwiritsika ntchito m'matanki wamba ndi magaloni 24.5, galoni iliyonse mapaundi 6, pamodzi 147. Patsala mapaundi 373, kapena kuti makilogalamu 169, a anthu awiri ndi zikwama zawo. Mphunzitsi wa makilogalamu 90 ndi wophunzira wa 90 apitirira kale malire. Sukulu yabwino imachepetsa mafuta n'kufupikitsa ulendo, kapena imakupatsani 172. Sukulu imene imati "palibe kanthu, imanyamuka ndithu" muithawe.

Vutoli limakula pamalo okwera ndi otentha. Bwalo la Rand ku Johannesburg lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 5,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti 4,000 ndi pang'ono. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Pa mafiti 4,000 mpweya umayenera kukhala wa madigiri 7. Masana a mu Okutobala kukafika madigiri 30, kusiyana ndi 23, ndipo digiri iliyonse imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Choncho ndege imamva ngati ili pa mafiti 6,800. Injini yopanda turbo (chopopera mpweya wowonjezera), ngati ya 152, imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a mphamvu zake pa mafiti 1,000 alionse, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lapita musanayambe n'komwe kuthamanga. Ndege imadya msewu wautali, imakwera mwaulesi, mitengo ya kumapeto ikuyandikira, ndipo dzanja limafuna kukoka chiwongolero. Kukokako n'kumene kumapha. Buku limati pamabwalo opitirira mafiti 3,000 muchepetse mafuta pa mixture (chosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya) mpaka injini ipereke RPM (kuzungulira kwake pa mphindi) yochuluka musananyamuke, ndipo mukwere pa ma knot 55 ngati pali chopinga, kapena cha m'ma 67 ngati palibe.

Injini ikazima m'mwamba, kawirikawiri sikuti yasweka. Yasowa mafuta, yamwa madzi, kapena kabyuleta yaundana. Mageji a mafuta a ndege zakalezi si owadalira. Kwerani pamwamba, tsegulani chotsekera, pimani ndi kamtengo koyezera, ndipo muwerenge nthawi. Pa magaloni 6 pa ola, matanki wamba amauma pakatha maola anayi, mwina asanakwane ngati mixture simunaichepetse. Madzi amalowa kudzera pa mphira wotha wa chotsekera thanki ndege ikagona pamvula. Mafuta a ndege otchedwa 100LL ndi obiriwira ngati thambo, ndipo mukakhetsera pang'ono m'kabotolo kuchokera pansi pa thanki, madzi amakhala pansi pa kabotoloko ngati timikanda toyera. Koma samalani: kabotolo kodzaza madzi okhaokha kamaoneka koyera bwino, kopanda mzere wolekanitsa. Yang'anani mtundu, nunkhizani.

Kuundana kwa kabyuleta kumadabwitsa anthu a kumayiko otentha, poti amaganiza kuti ayisi ndi nkhani ya ku Ulaya. Mpweya ukamadutsa pakhosi lopapatiza la kabyuleta, mafuta n'kumasanduka nthunzi, kutentha kumatsika ndi madigiri 20 kapena kuposa. Choncho tsiku la chinyezi la madigiri 25, monga a m'dzinja, ayisi akhoza kumera mkatimo, makamaka throttle ikakhala yotsekeka potsika. Chizindikiro choyamba ndi RPM kutsika yokha pang'onopang'ono, kenako injini kuyamba kunjenjemera. Mukakoka carb heat, RPM imatsikanso ndipo injini imatsokomola chifukwa ikumeza madzi osungunuka. Pamenepa ophunzira ambiri amachita mantha n'kubwezera carb heat mkati, ayisi n'kumaliza ntchito yake. Isiyeni yonse kunja mpaka RPM ikwere. Injini ya Continental O-200 ya mu 150 ndiyo yotchuka kwambiri ndi vutoli. Ya Lycoming imathandizika poti kabyuleta yake inamangiriridwa kunsi kwa mosungira oyilo wotentha, koma nayonso imaundana.

Nthenda ya 152 yeniyeni ndi mapulagi. Mtovu wa m'mafuta a 100LL umamatirira pa mapulagi a m'munsi, makamaka ndege ikakhalitsa pansi injini ikulira pang'ono. Mumazindikira poyesa magineto awiri, amene amapereka moto ku mapulagi, pa RPM 1,700: kutsika kusapitirire 125 pa iliyonse, ndipo ziwirizo zisasiyane ndi oposa 50. Kuchepetsa mixture poyenda pansi kumathandiza. Mu 1983 Cessna inasinthira ku injini ya O-235-N2C ya mahatchi 108 pofuna kuchepetsa vuto lomweli.

Ngozi zimene zimapha ndi zina. Yoopsa kwambiri imachitika pokhota komaliza kuloza msewu woterapo. Mphepo yakankha ndege kupitirira mzere, woyendetsa akuopa kupendeka kwambiri poti ali pafupi ndi nthaka, ndiye amaponda chiwongolero cha kumchira kuti mphuno ikhote msanga, dzanja likubweza mapiko mbali inayo. Liwiro likatsika, phiko lamkati limataya mphamvu loyamba ndipo ndege imagudubuka n'kulowa spin (kugwa ikuzungulira, mphuno ili pansi) pa mafiti 400, pamene palibe mpata wowongokera. Lipenga lochenjeza la 152 limalira bwino, koma kupendeka kwa madigiri 60 kumakweza liwiro la stall (pamene mapiko amaleka kunyamula ndege) ndi magawo 41 pa 100, ndipo mutu ukatanganidwa makutu samva. Mu Julayi 2006 ku Southend ku England, mnyamata wa zaka 16 amene anali paulendo wake wachiwiri wouluka yekha mu Cessna 150 anapatsidwa malangizo osazolowereka ali pafupi kutera, kuti apatse mpata ndege yothamanga imene inali m'mbuyo mwake. Ndege yake inataya liwiro, inagwa, ndipo iye anamwalira. Pambuyo pake ku Britain anakhazikitsa zoti wophunzira wouluka yekha aziyamba ndi liwu loti Student podzitchula pa wailesi, kuti a pansanja adziwe amene akulankhula naye.

Mapiko a pamwamba amakupatsani mthunzi ndi maso abwino oonera pansi, koma pokhota phiko limaphimba mbali imene mukulowera. Tukulani phiko muyang'ane musanakhote. Mu Ogasiti 2022 ku Watsonville ku California, pabwalo lopanda nsanja, Cessna 152 imene inkazungulira kuyeserera kutera inawombana ndi Cessna 340 imene inabwera mothamanga molunjika msewu. Anthu atatu anafa, ngakhale kuti oyendetsa onse awiri ankalankhula pa wailesi.

Popeza ndege yatsopano pa zonse za mtunduwu ili ndi zaka pafupifupi 40, pemphani kuona mabuku ake a ukonzi musanalipire. Sukulu yoona mtima sikana. Mufufuzemo zinthu ziwiri. Choyamba ndi njanji za mipando. Mabowo ake akadyeka, mpando umatsetsereka m'mbuyo ndege ikunyamuka, woyendetsa n'kukoka chiwongolero mosafuna, mphuno n'kuloza kumwamba. Bungwe loona za ndege ku America la FAA linalamula mu 1987, n'kukhwimitsanso mu 2011, kuti njanjizi ziziunikidwa maola 100 alionse kapena pa chaka. Inu mukakhala pampando, dzigwedezeni mwamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo mumve ngati chitsulo chalowadi m'bowo. Chachiwiri ndi zoimitsira chiwongolero cha kumchira. Mu 1998 ku Quebec ku Canada, 152 ina ikuphunzitsa spin, chiwongolerocho chinapitirira pa choimitsira chake n'kukakamira, ndipo ndege sinawongoke. Mu 2009 FAA inalamula kuti 150 ndi 152 ziikidwe zoimitsira zazikulu, apo ayi pakhomedwe chikwangwani choletsa spin m'chipinda cha woyendetsa. Ngati mphunzitsi wanu akufuna kukuonetsani spin, mufunseni kuti pa ziwirizi ndege imeneyo inachitidwa chiti, ndipo akuonetseni tsamba pamene makaniki anasainira.