Msonkhano wa kunja kapena maphunziro ogwira ndi manja: wa ku casualty asankhe chiti?

Mnzanga wina wachinyamata, yemwe ndi clinical officer wothandiza odwala mwadzidzidzi kuno ku Lilongwe, anandifunsa kuti ndalama zochepa zimene wasunga komanso masiku ake a tchuthi azigwiritse ntchito pati, pakati pa kupita ku msonkhano waukulu wa kunja ndi kulembetsa maphunziro a masiku ochepa ophunzira ndi manja. Funso limeneli ndi la ambiri, pakuti Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amafuna mapointi a CPD, osonyeza kuti munthu akupitiriza kuphunzira za ntchito yake, akamakonzetsanso chiphaso chake. Koma kufanana kwa mapointi sikutanthauza kuti wodwala wapindula mofanana.

Msonkhano umene ambiri amaulakalaka ndi AfCEM, wokonzedwa ndi African Federation for Emergency Medicine, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2009. Umachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo unachitikapo ku Accra mu 2012, ku Addis Ababa mu 2014, ku Cairo mu 2016 ndi ku Kigali mu 2018. Phindu lake ndi lakuti umakumana ndi anthu amene akulimbana ndi mavuto ngati athu omwewa, a okosijeni wochepa ndi magazi osowa, ndipo umamva kuti zimene unaphunzira kale zina zasintha. Chitsanzo ndi kafukufuku wa FEAST wa mu 2011, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000, ndipo anasonyeza kuti kuthira madzi a dilipi ambiri mwachangu mwa ana otentha thupi kwambiri kunkawonjezera imfa m'malo mozichepetsa. Amene sanamve za kafukufukuyu akhoza kupitiriza kuchita zakale ndi mtima woyera ndithu. Vuto lake ndi mtengo, chifukwa tikiti ya ndege, malo ogona ndi ndalama yolembetsera zonse zimawerengedwa m'madola, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wotere popanda wokulipirira ndi wolemera kwambiri kwa wolandira malipiro a boma. Komanso munthu amabwerako ndi mfundo m'mutu, pamene manja ake ali momwe analili.

Maphunziro ogwira ndi manja ndi osiyana, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. ETAT, njira yosankhira ana odwala kwambiri kuti athandizidwe msanga, mizu yake ili kwathu konkuno, pakuti inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudzera m'ntchito ya Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo, ndipo WHO inaisindikiza mu 2005. Imaphunzitsa munthu kuyenda pamzere wa amayi amene akudikira, kuvundukula chitenje, kuona ngati mwana akubanika, kugwira dzanja lake ngati lazizira, kukanikiza chikhadabo ndi kuwerenga ngati magazi akuchedwa kubwerera kupitirira masekondi 3. Mwana wogona duu kumsana, amene ena angaganize kuti ali m'tulo, amapezeka kuti wakomoka, ndipo amachotsedwa pamzere nthawi yomweyo. Kwa akuluakulu kuli Basic Emergency Care, imene WHO ndi ICRC (bungwe la Red Cross la padziko lonse) anatulutsa mu 2018, ya masiku 5, yotsata ndondomeko ya ABCDE (kuona motsatana njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi, ubongo ndi thupi lonse) pa ovulala, obanika, otaya magazi kapena madzi m'thupi, ndi osokonezeka mutu. Aliyense amene anagwirapo usiku ku chipatala cha Kamuzu Central akudziwa kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za mumsewu wa M1 ndi za njinga zamoto za kabaza, ndipo maphunzirowa amayankha zimenezo mwachindunji.

Ndimakumbukira tsiku limene ndinkapopa mpweya pa chidole chophunzirira, ndikukhulupirira kuti ndikuchita bwino, koma chifuwa cha chidolecho sichinkakwera. Mphunzitsi anangogwira zala zanga n'kuzisuntha pang'ono pansi pa chibwano, ndipo chifuwa chinayamba kukwera. Cholakwa chimenecho ndinali nacho kwa zaka zingapo, ndipo palibe nkhani ya pa msonkhano imene ikanachiona.

Komabe maphunzirowa ali ndi chilema chimene chimandiwawa. Akachitikira ku malo ogona alendo ku Mponela kapena ku Salima, nthawi zina osankhidwa amakhala anthu omwewo chaka ndi chaka chifukwa cha alawansi, pamene namwino amene amalandira odwala usiku watsala pa ntchito. Wina akangophunzira amasamutsidwira ku wodi ina, luso n'kupita naye. Luso la manja limazilalanso likapanda kubwerezedwa, choncho maphunziro ochitikira pachipatala pomwe, gulu lonse la pashifiti lili pamodzi, kuphatikizapo olandira odwala pakhomo, amaposa a kutali.

Za pa intaneti ndi zothandiza potseka mpata umene msonkhano ukanatseka. African Journal of Emergency Medicine imawerengedwa kwaulere, ndipo chofunika ndi bandulo basi, ngakhale kuti sizingakonze kagwiridwe ka zala.

Mnzangayo ndinamuuza kuti ayambe ndi Basic Emergency Care kapena ETAT malinga ndi odwala amene amawaona, kenako aphunzitse anzake a pashifiti, ndipo ayambe kulemba bwino odwala amene akulandira, nthawi imene anadikira ndi zimene zinawachitikira. Kamuzu Central yakhala ikusunga kaundula wa ovulala kuyambira mu 2008 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo kafukufuku wambiri watuluka mmenemo. Akadzakhala ndi ziwerengero zakezake, adzatumize chidule cha kafukufuku wake ku AfCEM n'kupempha thandizo la ulendo, kuti adzapite ali ndi chonena cha ku Lilongwe.