Lengwe, Elephant Marsh kapena Majete: mwana wokonda mbalame mupite naye kuti?

Mphwanga wa Fomu 2 wapenga nazo mbalame, osati zogenda ndi legeni ayi, zongoyang'ana basi nkumalemba mayina mu kope. Ife tili ku Nchalo, ndiye mayi ake anandipempha kuti achimwene muzimuperekeza asamapite yekha kumadzi. Tayenda naye malo atatu, ndipo kwa amene muli ndi mwana wamtundu umenewu ndikuuzeni mmene ndaonera.

Majete ndisachedwe nayo. Malo ngabwino zedi, chiyambire 2003 pomwe African Parks anayamba kuyendetsa nyama zinabwerera, ku mathithi a Kapichira nkhwazi mumaziona bwinobwino. Koma muli mikango ndi njovu, sungangotsika nkumayenda wapansi kutsatira kambalame kalowa pachitsamba, pamafunika galimoto ndi gaidi. Kwa mwana wasukulu amene ndalama yake ndi ya kabaza, uwu ndi ulendo wa kamodzi pachaka.

Elephant Marsh ndi nkhani ina. Dzinali anapereka ndi Livingstone mu 1859 ataona njovu pafupifupi 800, lero njovu kulibe koma mbalame zam'madzi eee, mpaka mu 2017 dambo limeneli linalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse la Ramsar. Akakowa, atsekwe, avuwo, anantchengwa, timbalame tija tazala zitalizitali toyenda pamwamba pa masamba ngati tikuyenda pamsewu, mwana amadzaza tsamba lonse la kope dzuwa lisanakwere. Geti kulibe, mumangogwirizana ndi msodzi wa bwato, anthu ambiri amalowera cha ku Mchacha James ku East Bank. Ndipo asodziwo amadziwa mbalame kuposa mmene timaganizira, angokhala alibe mayina achizungu, mphwanga anaphunzira zambiri kwa bambo amene ankatipalasira kuposa m'buku. Koma ndinene zoona, mtima wanga sunakhale m'malo ulendo wonse. Ng'ona zilimo, mvuu zilimo, bwato ndi la mtengo umodzi lija limagwedezeka ukangotembenuka, ndiye mwana akaona mbalame amaiwala zonse nkufuna kuimirira. Namasupuni nayenso amatseka njira. Nthawi ya madzi osefukira, Januwale mpaka Malichi, musayerekeze nkomwe, tonse tikukumbukira za Freddy mu 2023.

Ndiye ine ndikanasankha kamodzi ndi Lengwe. Ili pafupi, mumakhota pa M1 kudutsa m'minda ya nzimbe mwafika, ndipo a Malawi timalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja. Chomwe chimandikoka ndi tinyumba tobisalamo tija anamanga pafupi ndi zitsime zomwera nyama. Mwana amakhala pansi pamthunzi, phee, mbalame zimabwera zokha, ndiye amakhala ndi nthawi yoyang'anitsitsa mlomo, mchira, kayendedwe, osati kungoona chinthu chadutsa fyuu ngati kudambo. Kumeneko ndi komwe anaona nkhanga zatsumba lakuda zija zimakonda m'nkhalango zowirira, ndi Böhm's bee-eater amene azungu amachita kukwerera ndege kudzamuona. Nyala nazo zimabwera kudzamwa. Kuipa kwake mbalame za m'zitsamba zimabisala, tsiku lina mumamva kulira kokhakokha osaona kanthu, ndipo muli njati ndiye zoyenda wapansi popanda renjala iwalani. Seputembala ndi Okutobala madzi akauma m'tchire zonse zimasonkhana pachitsime, koma kutentha kwa Chikwawa mukukudziwa, fikani geti likangotsegulidwa, ikamakwana 10 koloko mbalame zakhala chete. Kuyambira Novembala kumabwera mbalame zochokera ku Ulaya, kope limadzaza msanga, koma misewu ya m'kati imaterera.

Mwabvi ku Nsanje cha ku Bangula sitinafikeko, kwatitalikira.

Pa nkhani ya bayinokyula musavutike kugula yodula, ife tinapeza ya kaunjika ya 8x42 ikugwira bwino. Ndipo funsani kusukulu ngati kuli kalabu ya zachilengedwe ya bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la WESM, popita pagulu thiransipoti imatsika mtengo. Ife Loweruka likubwerali tibwereranso ku Lengwe, mwana akuti anamva kadzidzi cha kumthunzi wa mtondo koma sanamuone.