Miyezi 14 ndi SUV ya banja: pomwe yandivutira m'misewu ya Blantyre

Nditangoilandira galimotoyi, ndinaiyamikira kwa aliyense wondifunsa: ndi yotakasuka, mimba yake sikhudza mahampu, ndipo ana atatu ndi katundu wa kumudzi amakwanamo bwinobwino. Ndi SUV ya petulo yochokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Injini ndi ya 2.0, giya ndi ya CVT (mtundu wina wa automatic), ndipo inabwera itayenda makilomita 86,000. Lero patha miyezi 14. Ndawonjezerapo makilomita 19,000, ambiri a pakati pa Machinjiri ndi Limbe, ena a ku Chikwawa kwa apongozi. Kuyamikira kuja sindikukubweza, koma tsopano ndikudziwa pomwe imadwalira.

Zoyamba kulira zinali za kunsi. Miyezi itatu isanathe, ndikagwera m'dzenje ndinkamva "gugudu" kutsogolo. Anali mabushi ndi ma stabilizer link, tizitsulo ta kunsi tothandiza kuti galimoto isapendame pokhota. Mphira umene unakalambira pa phula losalala la ku Japan sungapirire misewu ya m'makwalala athu mvula ikaikokolola. Ndinagula otchipa, anatha pa miyezi iwiri yokha, ndipo poti sindinapite ku alignment nditasintha, matayala akutsogolo anadyeka mbali imodzi. Kenako mphira wa CV joint, polumikizira shafti yozunguza tayala, unang'ambika, girizi n'kumwazika, fumbi n'kulowa. Mukamva "ta-ta-ta" pokhota, musadikire.

Koma chomwe chinandisowetsa tulo ndi magetsi. Mu Januwale, mvula ili pachimake, ndinadzuka kuti ndiperekeze ana kusukulu. Kuliza galimoto, inangoti "tiki-tiki" basi. Ndinaganiza za batire, ndinagula latsopano tsiku lomwelo. Patatha sabata, vuto lija labwereranso, ndipo ulendo uno linabwera ndi anzake. Nyali za pa dashibodi zinkaphethira, wailesi inkazima yokha, ndipo tsiku lina ndikuzungulira pa raundabauti ya pa Chichiri, chiwongolero chinauma mwadzidzidzi ana ali kumbuyo. Mtima unandigunda kwambiri. Chiwongolero cha galimoto zimenezi chimapepuka ndi mota ya magetsi, ndiye magetsi akadukiza, nachonso chimalemera.

Wamagetsi woyamba sanatsegule n'komwe boneti bwinobwino. Anangoti alternator, chipangizo chotchaja batire, yapita, ndipeze ina. Sipeya zinakwera kwambiri chitsikire mphamvu kwacha mu Novembala 2023, moti ndinazengereza. Mnzanga wa kuntchito ndi amene ananditengera kwa bambo wina wachikulire ku Ndirande, wogwirira ntchito pansi pa kashedi ka malata. Iwo anatulutsa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Injini ili yozima, batire linawerenga 12.6, italira linafika 14.1.

"Achimwene, alternator yanuyi ilibe mlandu," anatero. "Ikutchaja bwino. Tiyeni titsate waya."

Anatsata chingwe chakuda chochoka ku negetivi ya batire mpaka pomwe chimamangidwa ku thupi la galimoto. Bawuti yake inali yolefuka, pansi pake pali dzimbiri ndi kaufa koyera. Anamasula, anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anapaka girizi pang'ono n'kumanganso. Ntchito ya mphindi 20. Anandiuza kuti magetsi onse a m'galimoto amabwerera ku batire kudzera pa earth imeneyo, ndiye ikachita dzimbiri, kompyuta ya galimoto imalandira mphamvu yodukizadukiza n'kuyamba kuonetsa matenda omwe kulibe. Chichokereni tsiku limenelo vutolo silinabwerenso. Batire lakale lija mwina linali labwinobwino.

Nyali ya check engine yayakapo kawiri. Maulendo onse ndinakaiika pa kompyuta ndisanagule kanthu. Poyamba inali sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, itadzaza fumbi chifukwa air filter inali itatsekeka, anangoitsuka. Kachiwiri inali coil imodzi yopereka moto ku pulagi, injini ikunjenjemera pa ima-ima wa pa Ginnery Corner. Air filter tsopano ndimaiona mwezi uliwonse nyengo ya fumbi, sindidikira tsiku la sevisi.

Nkhani ya giya ndiyo ndikufuna aliyense wogula galimoto zotere aimvetse. CVT ilibe magiya a mano osinthana ngati automatic yakale. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa ma pulley awiri omwe amakula ndi kuchepa, ndipo lambayo amadalira oyilo wake wapadera kuti agwire osaterereka. Mwezi wathawu wa Okutobala tinkachokera ku Chikwawa masana, dzuwa likuswa mtengo, m'galimoto muli anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga. Titayamba kukwera chitunda chochokera pa Thabwa, injini inkalira koma liwiro kulibe. Kenako mphamvu inathera tu. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a ana, imani kaye, tisakakamize." Tinaima pambali theka la ola, itazizira inayendanso. Giya ikatentha kwambiri, kompyuta imadula mphamvu dala kuti isapse.

Titatsitsa oyilo wake anali wakuda, akununkha kupserera. Ndinakumbuka kuti pa sevisi ina anandiuza kuti "tawonjezera pang'ono wa giya", ine osafunsa kuti wamtundu wanji. Ambiri amathira ATF, oyilo wa automatic wamba, poganiza kuti automatic ndi automatic basi. Si choncho. Tinathira wa CVT wolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo botolo ndinagula ndekha, ndinaima pomwepo akuthira. Ikuyenda bwino, koma pa zitunda zazitali sindipondanso mafuta mpaka pansi, ndipo ku Chikwawa timanyamuka m'mamawa kukadali kozizira.

Pali malangizo ena omwe ndinawakana. Anthu angapo anandiuza kuti ndichotse thermostat, kavavu kowongolera kutentha kwa injini, poti kuno n'kotentha, komanso kuti madzi a pampopi amakwana mu radiyeta. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera ndipo imamwa mafuta ambiri, pomwe madzi okhaokha amadyetsa dzimbiri mkati. Ndimathira coolant.

Injini yokha sinandikhumudwitsepo. Sidya oyilo, sifuka, ndipo mabuleki ndangosintha mapadi kamodzi. Ndikanati ndigulenso lero, ndikanagula yomweyi, kungoti sabata yoyamba ndikanasintha oyilo wa giya ndi kuonetsa ma earth onse ndisanapite patali. Panopa kumbuyo kumanzere kwayamba kulira pa mahampu a ku Chirimba, ndipo shock ya mbali imeneyo yanyowa oyilo. Ndasungitsa awiri, ndikawamangitsa Loweruka, chifukwa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi wamawa.