Miyezi itatu kwa katswiri wokonza maganizo a osewera

Mwana wanga, yemwe ali ndi zaka 14, ndi goloboyi, ndipo vuto lake silinali m'manja kapena m'miyendo ayi. Akangomwetsedwa chigoli chimodzi ankazyolika, mphamvu n'kumuthera, moti ngakhale mipira yosavuta inkamupulumuka. N'chifukwa chake ndinamulembetsa kwa katswiri wina wothandiza osewera pa nkhani ya maganizo, ndipo takhala tikupitako kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu.

Ndinkayembekezera kumva mawu ongolimbikitsa, koma tsiku loyamba katswiriyo anamuyang'ana modekha n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, mpira ukagwedeza ukonde, mawu oyamba amene umadziuza ndi ati?" Mnyamatayo anakhala chete akupotokola zala, kenako anayankha chapansipansi kuti, "Ndimati ndine wachabechabe." Ine bambo wake ndinali ndisanamvepo zimenezi, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Chimene ndikuyamikira koposa n'chakuti maganizo amawaphunzitsa monga mmene amaphunzitsira thupi, mobwerezabwereza. Anagwirizana zinthu zitatu zochita akamwetsedwa chigoli: kukoka mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono kuti mtima usiye kugunda mothamanga, kumangitsa magolovesi, ndi kudziuza kuti "mpira wotsatira". Anamuphunzitsanso kutsinzina madzulo n'kumaona masewero m'maganizo, osati akupambana pokha, komanso zinthu zitavuta. Pofotokoza chifukwa chake, anatchula Michael Phelps, katswiri wosambira wa ku America, amene mphunzitsi wake Bob Bowman anamuzoloweretsa njira yomweyi. Pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2008, magalasi ake osambirira anadzaza madzi pa mpikisano wa mamita 200, koma iye anangowerenga kupalasa kwa mikono yake mpaka anapata mendulo yagolide.

Sikuti zonse zinandisangalatsa. Pa maphunziro a pagulu amaphatikiza ana ndi akuluakulu, ndipo akuluakuluwo akayamba kufotokoza za kuvulala kwawo ndi mantha oti ntchito yamasewera ingawathere, ana amangokhala duu osatsegula pakamwa. Ndikuona kuti magulu awiriwa ayenera kukumana padera. Komanso makolo timauzidwa zochepa, pamene ndife amene timakhala ndi mwana masewero akatha. Ineyo ndinachita kufunsa ndekha, ndipo ndinalangizidwa kuti ndisamayambe ndi kufunsa zigoli.

Katswiriyu ananena poyera kuti ntchito yake si kuchiza matenda a maganizo, ndipo akaona zizindikiro zake amatumiza munthu kwa dokotala. Anakumbutsa anawo za Simone Biles, katswiri wa ku America wa masewera odumpha ndi kupinda thupi, amene anasiya mipikisano ingapo ya Olimpiki ku Tokyo mu 2021 pofuna kuteteza thanzi lake, n'kudzapata mendulo zitatu zagolide pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024.

Sabata yatha mwana wanga anamwetsedwa zigoli ziwiri m'chigawo choyamba. Ndinamuona akumangitsa magolovesi, kenako n'kukuwira otchinga kumbuyo kuti abwerere m'malo awo.