Bokosi la penti ndi ma canvas lomwe ndinagula ku Crown Mines, zomwe ndapezamo

Chipinda chomwe ndimachita lendi ku Rosettenville kuno ku Joni chili ndi khoma limodzi lalitali loyera mbee, ndipo kwa zaka ziwiri panali kalendala ya ku tchalitchi basi. Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera kumudzi anangoyang'ana khomalo n'kunena kuti amayi muno mukuoneka ngati m'chipatala, mawu amenewo anandikhala pamtima kwa masiku angapo. Ndinayamba ndafunsa mitengo ya zithunzi zojambulajambula kale m'mashopu a mipando, koma zambiri ndi za maluwa ndi mizinda yomwe sindikuidziwa n'komwe ndiye mtengo wakenso wosayamba. Ndipamene ndinati bwanji tingoyesa tokha.

Loweruka lina m'mwezi wa July tinakwera taxi kupita ku Crown Mines kuja kuli mashopu ambirimbiri a zinthu za ku China. Shopu yake sinditchula dzina chifukwa pali zina zomwe ndidandaule, komanso bokosi ngati lomweli ndinaliona m'mashopu ena atatu momwemo, limangosiyana chithunzi cha pamwamba. Ndinalipira R240. M'katimo munali ma canvas atatu, nsalu zojambulapo zija, okhomedwa kale pa timatabwa, imodzi ya 30 x 40 cm ndi ziwiri zazing'ono za 20 x 20, timachubu 12 ta penti wa acrylic ta 12 ml kalikonse, mabulashi 6, ndi kambale kapulasitiki kosakanizirapo penti.

Mnyamata wogulitsa atatimva ine ndi mwana wanga tikukambirana m'Chichewa anangomwetulira, anali wa ku Mangochi. Anati, "Achemwali, tengani ndithu koma woyerayo sakukwanirani, muonjezere chubu chachikulu." Ine ndinaona ngati ndi machenjera a geni ndiye ndinakana. Ankanena zoona mnyamata uja, woyera anatha tsiku loyamba lomwelo chithunzi chisanafike ndi pakati pomwe, chifukwa pafupifupi mtundu uliwonse womwe ukufuna kuti uwale umafuna woyera, thambo woyera, madzi woyera, ukalakwitsa pofufuta napo woyera yemweyo.

Ndiyambe ndi ma canvas chifukwa ndi amene andisangalatsa. Anabwera atapakidwa kale zoyera zija amati gesso, ndiye sufunika kukonza chilichonse, umangochotsa pulasitiki n'kuyamba. Gesso ndi amene amapangitsa kuti nsalu isamwe penti ngati siponji. Yaikuluyo inali yokungika bwino, ukaigogoda ndi chala imalira ngati kang'oma. Imodzi mwa zazing'onozo inali ndi kachibowo kolowa m'kati pakona ngati china chake chinaitsamira m'bokosimo, ndinaiwaza timadzi kumbuyo kwake n'kuisiya pazenera, pouma nsalu inakokana yokha n'kuwongoka. Inayo thabwa lake ndi lopindika pang'ono moti pakhoma kona imodzi imatukuka, chimenecho chilibe mankhwala. Ndiye mukamagula ikani canvas pansi kapena pa kauntala muone ngati makona onse anayi akugunda, komanso muiyang'anitse ku getsi, ikamaonetsa timabowo tambirimbiri ta kuwala ndiye kuti gesso wake ndi wochepa ndipo idya penti wanu.

Penti ndiye pamene pali nkhani. Wakuda, wabuluu ndi wofiira ali bho, amagwira ukangopaka kamodzi kapena kawiri. Koma wachikasu ndi wa olenji ndi madzi enieni, ndinapaka katatu nsalu ikuonekerabe pansi pake. Penti wotchipa amaikamo utoto weniweni wochepa n'kudzazamo zina, komanso chikasu mwachibadwa chake n'choonekera ngakhale pa penti wodula, ndiye ziwirizi zikakumana ndi mavuto. Chomwe chinandithandiza ndi kudonthezamo woyera pang'ono m'chikasumo kuti chikhale ndi thupi, ndiye mwaona pomwe woyera uja anathera. Chubu chimodzi chobiriwira chinali chitauma kukamwa, ndinachita kuboola ndi singano.

Sabata yotsatira ndinapita ku PNA, shopu ya zolembera, n'kugula mabotolo a penti wa Dala, yemwe amapangidwa konkuno ku South Africa, woyera, wachikasu, wofiira, wabuluu ndi wakuda. Asanu okhawo. Kusiyana kwake kunaonekera pa bulashi pomwepo, ndi wokhuthala ndipo amayenda bwino pansalu. Ndi mitundu isanu imeneyi mumapeza ina yonse, chikasu ndi buluu zimabereka wobiriwira, chikasu ndi wofiira olenji, wofiira ndi buluu pepo, atatu onsewo pamodzi bulauni wonga dothi. Mwana wanga anakhala madzulo onse akungosakaniza osajambula kanthu, akuti akufuna apeze mtundu wa katondo wa kwa agogo ake, ndipo anaupeza, wofiira wambiri, chikasu pang'ono ndi kadontho kamodzi ka buluu.

Mabulashi a m'bokosimo anayi ndi otaya. Amathothoka ubweya, ukupaka thambo ukungoona titsitsi takakamira pa penti ndiye uzichita kutola ndi zikhadabo uku penti akuuma. Awiri ang'onoang'ono osongoka aja ndawasunga, amagwira ntchito pojambula timizere. Gulani bulashi imodzi yabwino yaphwatalala, yotambalala ngati zala ziwiri, ya ubweya wa nailoni, imeneyo ndi imene imagwira ntchito yaikulu. Ndipo mukangomaliza tsukani ndi sopo nthawi yomweyo, acrylic akauma amasanduka ngati pulasitiki ndipo madzi samusungunulanso, pa bulashi ngakhale pa zovala chimodzimodzi. Valani chitenje chakale.

Chinthu china chomwe sichinalembedwe pabokosi paliponse koma n'chofunika kwa ife okhala kuno ndi mphepo ya Joni. Mzinda uno uli pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nthawi yozizira mvula kulibe, mpweya ndi wouma gwa, nonse mukudziwa mmene milomo imang'ambikira mu June ndi July. Penti naye amamva zomwezo. Ndinafinyira mitundu inayi pakambale kaja n'kupita kukathira madzi a tiyi, pobwera pamwamba pake panali patachita kale kachikopa. Panopa ndimatenga mbale yaphwatalala, ndimayala tishu wa kukhitchini wonyowa, pamwamba pake pepala lija timaphikira makeke, penti ndimafinyira pamenepo ndipo amakhala wofewa mpaka madzulo. Kabotolo kowazira madzi kamene timagwiritsa ntchito kutsitsi kamathandizanso, kungowaza kamodzi patali osati kunyowetsa.

Tsopano zomwe tinajambula, chifukwa ndikudziwa ena mukuti ine sinditha kujambula ngakhale nkhuku. Simukufunika kutha, sankhani chinthu chomwe mawonekedwe ake mumawadziwa ndi mtima.

Ine kwathu ndi ku Salima kufupi ndi Senga Bay, ndiye pa canvas yaikuluyo ndinajambula nyanja. Zithunzi zambiri zomwe anthu amaika pa intaneti ndi za dzuwa likulowa m'madzi, zimenezo ndi za ku Cape Maclear, kwathu dzuwa limachita kutuluka m'nyanja m'mamawa pomwe asodzi akubwerako ndi usipa atakhala usiku wonse ndi nyali zawo. Chimenecho ndi chomwe ndinkafuna pakhoma langa. Ndinamata masking tape modutsa chopingasa, mmunsi pang'ono mwa pakati, kuti malire a madzi ndi thambo awongoke. Pamwamba pa tepiyo ndinayamba ndi chikasu chosakaniza woyera, kenako olenji, kenako wofiira pang'ono, kumtunda kwenikweni pepo wopita ku buluu, bulashi ikuyenda uku ndi uku mosaima, ndipo pomwe mitundu iwiri yakumana umadutsapo kangapo penti adakali wonyowa kuti zilowane. Apa mpofunika changu, foni ikalira isiyeni ilire. Litauma thambo ndinachotsa tepi n'kuimata mbali inayo, madzi ndinapaka mitundu yomweyo mozondoka koma yoderako, kenako timizere tifupitifupi toyera ndi tachikasu pakati pomwe dzuwa likuwalira. Mawa lake ndi kabulashi kakang'ono ndinaika bwato lakuda bii, anthu awiri m'katimo, wina ataimirira ndi nkhafi. Palibe nkhope, palibe zala, mthunzi chabe. Kumbali ndinaika nthambi za mlambe zikulowa kuchokera pakona, mlambe ndi wosavuta chifukwa thunthu ndi lonenepa ndipo nthambi zake zimapita kulikonse ngati mizu, sungalakwitse.

Dziwani kuti acrylic akauma amaderako kuposa mmene amaonekera ali wonyowa. Thambo langa usiku linali lowala bwino, kutacha ndinapeza lazimirira pang'ono, ndinabwerezanso pamalire paja ndi chikasu chowala. Ndiye posakaniza muzipitirirako pang'ono mbali yowala.

Mlamu wanga atabwera Lamulungu anaima pakhomo osakhala pansi, anayang'ana nthawi yaitali kenako anati, "Alamu, apa ndi pamene tinkagula usipa wofutsa paja." Sindinajambule malo enieni ayi koma iye anaona kwawo, ndipo ine misozi inalengeza.

Canvas yachiwiri inali ya tepi yokhayokha, iyi ndiye aliyense angathe ngakhale amene sanagwirepo bulashi. Mumapaka canvas yonse mtundu umodzi, ife tinapaka wakuda, ikauma bwinobwino mumamata tepi modutsanadutsana kuti patuluke timakona atatu ndi anayi, kenako danga lililonse mtundu wakewake. Mitundu tinatengera pa chitenje chomwe mayi anga anandipatsa ndikunyamuka, chikasu, chobiriwira ndi chofiirira. Chinsinsi chake ndi kukanikiza m'mphepete mwa tepi ndi chikhadabo, kenako kudutsapo kaye ndi penti wa pansi uja kuti atseke timipata, apo ayi mtundu watsopano umalowa pansi pa tepi mzere n'kukhala ngati wadyedwa ndi mbewa. Tepi muichotse penti asanaumitsitse, pang'onopang'ono mopendeketsa. Amene munaonapo nyumba za Andebele ku Mpumalanga mukudziwa kukongola kwa mizere yakuda yokhala ndi mitundu yowala m'kati. Gogo Esther Mahlangu, amene anapenta galimoto ya BMW mu 1991, mizere yawo amaiwongola ndi dzanja lokha pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku, popanda rula kapena tepi, luso lomwe anaphunzira kwa mayi awo ndi agogo awo ali mwana. Zimandikumbutsa amayi akwathu akamazira nyumba, dothi lakuda mmunsi loyera kumtunda mzere n'kuwongoka bwinobwino ndi chikhatho basi. Sindinakopere za Andebele chifukwa ndi zawo ndipo zili ndi matanthauzo awo, ife tili ndi zitenje zathu zokwanira kutengerapo.

Yachitatu ndinamusiyira mwana. Anajambula dzuwa la pa mbendera yathu, lofiira likutuluka pa chakuda, ndipo anaumirira kuti timizere take tikwane 31 ngati mmene zilili pa mbendera yeniyeni, anawerenga kawiri konse. Timizereto sanagwiritse bulashi, ankaviika m'mphepete mwa kakhadi kakale ka pulasitiki mu penti n'kudinda. Mmunsi anaikamo madontho oyera pogwiritsa ntchito kumbuyo kwa machesi, akuti anaona m'buku la kusukulu kumudzi zojambula za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza zija zili ndi zofiira ndi zoyera. Pa zitatu zonsezi alendo amayamba kufunsa za iyoyo.

Pokoleka, landilodi wathu salola misomali, ndikudziwa ambiri m'mafulati ndi m'ma cottage muli ndi vuto lomweli. Ubwino wake canvas ya saizi imeneyi ndi yopepuka kwambiri, timahuku tomata tija timagwira bwinobwino bola mupukute khoma lisakhale ndi fumbi ndipo mudikire kaye musanakolekepo. Musaike pamwamba pa sitovu kapena pafupi ndi pomwe mumaphikira, mafuta ndi utsi zimakakamira, kwa ife a chipinda chimodzi ndiye sankhani khoma lakutali ndi mapoto. Musaiwalenso kupenta m'mbali mwa canvas, ikakhala yopanda fulemu m'mbali moyera mumaoneka ngati ntchito yosamaliza, ine ndinazunguliza wakuda. Vanishi wa acrylic ndinapaka patatha sabata, kuti fumbi la mu August lizipukutika ndi kansalu.

Ndiye kodi bokosili ndi loti mugule? Ngati mukungofuna kuyesa kuti muone ngati dzanja likuvomera, kapena mukufuna ana akhale ndi chochita pa holide m'malo mongokhalira foni, gulani, koma mumvere mnyamata wa ku Mangochi uja mutengeretu woyera wamkulu. Ngati mwatsimikiza kale kuti mukufuna chithunzi chokhala pakhoma zaka, lisiyeni bokosilo, gulani ma canvas paokha m'mashopu omwewo mutawayesa makona, penti mitundu isanu ya mabotolo, bulashi imodzi yabwino ndi masking tape wa ku hardware. Ndalama zake zimapitirirako pang'ono koma penti amatsala wokwanira zithunzi zina zambiri, wanga ndagwiritsa ntchito pa zitatu ndipo mabotolo sanafike ndi theka lomwe kupatula woyera.

Mlamu uja wabweretsa kale canvas yake ya 40 x 50, akufuna phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi mmunsi mwake chifukwa mayi ake ndi a kumeneko. Ndamuuza abwere Loweruka ndi chithunzi cha pafoni choti tiziyang'anira komanso botolo lina la chikasu, wobiriwira wa tiyi uja adya chikasu chambiri.