Maphunziro a Speed Awareness ku Britain: Kodi Amathandiza Madalaivala Achinyamata?

Ku England ndi ku Wales, zomwe ndi zigawo za Britain, dalaivala amene wagwidwa atapitirira pang'ono liwiro lovomerezeka amatha kupatsidwa mwayi wochita maphunziro okhudza kuopsa kothamangitsa galimoto otchedwa National Speed Awareness Course m'malo molipira chindapusa cha £100 ndi kulembedwa mapointi 3 a chilango pa laisensi. Kwa wachinyamata mwayiwu ndi waukulu, chifukwa malinga ndi lamulo la 1995, munthu akafikitsa mapointi 6 pasanathe zaka 2 chikhozereni mayeso oyendetsa galimoto, laisensi yake imalandidwa ndipo amayambiranso mayeso onse, olemba ndi apamsewu omwe.

Maphunzirowa amatenga pafupifupi maola atatu, ndipo ochitira pa intaneti amayamba ndi kuonetsa chiphaso pa kamera. Wochedwa amabwezedwa popanda kunyengerera. Gawo logwira mtima ndi losonyeza kuti magalimoto awiri akamanga mabuleki pamalo amodzi, galimoto yothamanga mamailosi 35 pa ola imakhala ikadali paliwiro lotha kuvulaza munthu pamalo pomwe ya mamailosi 30 yaima kale. Magawo ena amangobwereza zimene wokhoza mayeso posachedwa akuzidziwa.

Mtengo wa maphunzirowa susiyana kwenikweni ndi chindapusacho, makampani ena a inshuwaransi amafunsabe za maphunzirowa, ndipo wogwidwanso pasanathe zaka 3 sapatsidwanso mwayiwu.