Dzina langa linakhala m'khoti zaka ziwiri, mwini wake osadziwa

Kumudzi munthu akakhala ndi mlandu sizibisika. Anyakwawa amatuma mwana, kapena masamoni amabwera dzuwa likuswa mtengo anthu akuona, ndipo pofika madzulo nkhani yafika kale kuchigayo. Kuno ku America dzina langa linakhala m'kaundula wa khoti pafupifupi zaka ziwiri. Aliyense wokhala ndi foni akanatha kuliona. Amene sankadziwa kanthu ndinali ine ndemwe.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambirimbiri, ndipo ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Mu Ogasiti 2023 ndinkafuna nyumba yangayanga, poti ndinali nditatopa ndi kugawana khitchini. Kuno nyumba ya lendi sumangogwirizana ndi mwini wake pakamwa n'kumupatsa ya miyezi itatu ngati ku Chilobwe. Umalemba fomu, umalipira ndalama yoti akufufuze, iwo n'kutumiza dzina lako ku kampani imene ntchito yake ndi kutola mbiri za anthu: ngongole, milandu, kumene unakhalako. Patapita masiku atatu ndinalandira imelo yondikana. Chifukwa chake anachilemba ndi liwu limodzi, eviction, kutanthauza kuti mwininyumba wina anandisumirapo kukhoti kuti andithamangitse m'nyumba.

Ine? Chibwerereni sindinadumphepo lendi ngakhale mwezi umodzi.

Chimene chinandithandiza poyamba ndi lamulo la dziko lonse la America la mu 1970, lotchedwa Fair Credit Reporting Act. Limati munthu akakukana chifukwa cha lipoti la kampani yofufuza, ayenera kukuuza dzina la kampaniyo, ndipo iwe ukapempha pasanathe masiku 60 akupatse lipotilo ulere. Ndinapempha, linabwera. Munali mzere umodzi wokha: dzina langa, chaka cha 2021, kaunti ya St. Joseph, dera limene muli South Bend, ndi liwu lija. Za mmene mlanduwo unathera munalibe.

Apa ndiye ndinayamba kuyenda njira yolakwika, paja safunsa anadya phula. Ndinalemba pa Google kuti ndikufuna milandu ya m'makhoti a ku America, ndipo chimene chinabwera pamwamba ndi PACER. Ndinalembetsa, ndinataya usiku wonse wa tsiku langa lopuma ndikufufuza dzina langa, osapeza kanthu, mpaka mtima unayamba kukhala pansi kuti mwina kampani ija yangondisokoneza ndi munthu wina. Sindinkadziwa kuti PACER ndi ya makhoti a boma lalikulu la ku Washington okha, a milandu monga ya munthu wolengeza kuti sangathenso kubweza ngongole zake kapena yophwanya malamulo a dziko lonse. Milandu ya tsiku ndi tsiku, ya lendi, ya ngongole ya kuchipatala, ya galimoto zogundana, ya kutha kwa banja, imakhala ku khoti la kaunti.

Ndikufotokozereni kaunti. Indiana kukula kwake ndi ngati Malawi mutachotsako nyanja. Ife tili ndi maboma 28, iwo ali ndi makaunti 92, ndipo iliyonse ili ndi makhoti ake ndi kalaliki wake wamkulu wosunga mafayilo. Kalaliki ameneyu sachita kulembedwa ntchito ndi jaji ayi, amasankhidwa ndi anthu pa chisankho monga timasankhira khansala. Fayilo imakhala kumene mlandu unatsegulidwa. Ngati unasumiridwa ku Elkhart, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito m'mafakitale, kalaliki wa ku South Bend sangakudindire pepala lake. Ukangodutsa malire kulowa ku Niles, mtunda wa mphindi zochepa pagalimoto, wafika ku Michigan, ndipo kumeneko kaundula ndi wina, malamulo ndi ena.

Amene ananditsegula maso ndi mayi ena achikulire a kutchalitchi kwathu, amene akhala kuno zaka zambiri. Nditawadandaulira tikutsuka mbale pambuyo pa mapemphero, anangopukuta manja n'kunena kuti, "Mwanawe, bweretsa foniyo." Anatsegula mycase.in.gov, tsamba la makhoti a Indiana. Silifuna ndalama, silifuna kulembetsa. Analemba dzina la bambo anga, kenako langa, ndipo mlandu unatulukira pomwepo. Mayina a osumiridwa anali awiri. Loyamba linali la achimwene anga, mwana wa amayi aakulu.

Mawondo anazizira. Ndinakumbukira kuti mu 2020 achimwenewo atangosamukira ku South Bend analibe mbiri ya ngongole yoti mwininyumba awakhulupirire, ndiye ndinasaina nawo pangano la nyumba. Ndinakhalamo miyezi inayi yokha n'kuchoka, dzina langa n'kulisiya papepala. Ndani amaganiza zokafufutitsa dzina pa nyumba ya mbale wake?

Nambala ya mlandu ndinkaiona ngati chisokonezo cha zilembo, koma mayi aja anandiwerengera ngati akuwerenga kalata. Imayamba ndi 71, imene ndi nambala ya kaunti ya St. Joseph. Ya Elkhart ndi 20, ya Marion, kumene kuli Indianapolis, ndi 49. Chilembo D chotsatira chimasonyeza khoti lotchedwa Superior, pamene C ndi la Circuit. Kenako panali 2110, ndiye kuti chaka cha 2021 mwezi wa 10. Kenako EV, mtundu wa mlandu, wothamangitsa m'nyumba. Akanakhala SC ukanakhala mlandu wa ndalama zochepa, zosapitirira madola 10,000. CC ndi wotolera ngongole, MF ndi wolanda nyumba ya ngongole yakubanki. Ukadziwa zimenezi, nambala yokha imakuuza khomo loyenera kukagogoda.

Mwezi wa 10 chaka cha 2021 unandiuzanso kanthu kena. Nthawi ya Covid boma linaletsa kuthamangitsa anthu olephera lendi kuyambira Seputembala 2020, ndipo khoti lalikulu la dziko lino linathetsa chiletsocho kumapeto kwa Ogasiti 2021. Mwininyumba wa achimwene sanachedwe.

M'munsi mwa nambala muli mndandanda umene amautcha Chronological Case Summary, kapena CCS mwachidule. Chilichonse chimene chachitika pa mlandu chimalembedwamo ndi tsiku lake. Ndinawerenga mzere ndi mzere. Dandaulo linaperekedwa. Masamoni anasiyidwa pakhomo pa nyumba ija, kumene ine ndinali nditachokako kalekale. Tsiku lomva mlandu linaikidwa. Mzere womaliza unali wakuti wodandaula wapempha kuti mlandu uthe, ndipo khoti lauthetsa. Palibe amene anathamangitsidwa, palibe chigamulo cha ndalama. Koma kampani yofufuza ija inatola mzere woyamba n'kusiya womaliza.

Usiku womwewo ndinawaimbira.

"Achimwene, za kukhoti za mu 2021 bwanji simunandiuze?"

Anakhala chete kaye. "Aaa chemwali, zimene zija zinatha kalekale. Ndinalandira chipereganyu mwezi womwewo, ndinalipira zonse. Ndinaona kuti ndikakuuzani ndingokudetsani nkhawa."

"Zinatha kwa inu. Ine andikana nazo nyumba."

"Komatu mlanduwo anaufufuta."

Sanali kunama, ndi mmene ankadziwira. Ambiri timaganiza choncho, kuti mlandu ukathetsedwa ndiye kuti wafufutidwa, monga kwathu anthu akagwirana chanza pabwalo n'kupereka nkhuku. Kuno kuthetsa mlandu ndi kungowonjezera mzere wina m'kaundula. Mizere yapamwamba imakhalabe, ndipo makampani amaloledwa kuiulula mpaka zaka 7.

Pa tsamba lija zikalata zina zimatseguka ndithu, ukhoza kuziwerenga pafoni, koma zina zimangotchulidwa. Ndiponso chithunzi cha pafoni si umboni umene kampani ingaulemekeze. Ndinafunika pepala lenileni. Lolemba m'mawa, nditangoweruka kuntchito, ndi yunifolomu yomwe, ndinapita pakati pa tauni. Pakhomo amakusecha ngati kubwalo la ndege, chikwama chimadutsa m'makina. Ndinayamba ndaima pawindo lolakwika, ndipo anandilozera ku mbali yoona milandu ing'onoing'ono, imene imamvanso milandu yambiri ya nyumba za lendi.

Ndinali nditakonzeka kufotokoza mbiri yonse, kuyambira tsiku limene achimwene anatsika basi. Mayi wa pawindo anamwetulira n'kundifunsa nambala ya mlandu basi. Sanafunse kuti ndikufuniranji, chifukwa fayilo ya mlandu wotere ndi ya poyera, aliyense akhoza kuipempha, ngakhale mtolankhani kapena mnansi wokonda zamiseche. Zimene sapereka kwa munthu wamba ndi monga milandu ya ana ndi ya kulera mwana wa eni, ndipo manambala a Social Security, amene boma limadziwira munthu, amabisidwa. Funso lachiwiri linali lakuti ndikufuna kope wamba kapena yotsimikizidwa. Kope wamba ndi fotokope chabe, dola imodzi pa tsamba. Yotsimikizidwa imakhala ndi chidindo ndi siginecha ya ofesi ya kalaliki, yonena kuti izi n'zofanana ndi zimene zili m'fayilo, ndipo chidindocho chili ndi mtengo wake wapadera. Ndinapempha CCS yonse ndi chikalata chothetsa mlandu, zonse zodindidwa, makope awiriawiri. Sipanathe theka la ola.

Ndinamufunsa kuti ndichite chiyani kuti dzina langa lichoke. Anandiyankha mwaulemu kuti iye saloledwa kupereka uphungu wa zamalamulo, ntchito yake ndi kusunga ndi kupereka zikalata. Poyamba ndinaona ngati akundithawa, koma ndi lamulo lawo, ndipo sanandisiye m'malere: ananditchulira indianalegalhelp.org, kumene kuli mafomu a anthu opanda loya, ndi bungwe la Indiana Legal Services, limene limathandiza ulere anthu opeza zochepa.

Kope imodzi ndinatumiza ku kampani yofufuza ija pamodzi ndi kalata yotsutsa lipoti. Lamulo lija la mu 1970 limawapatsa masiku 30 kuti afufuze. Anakonza, koma makampani oterewa ndi ambiri, ndipo onse amatunga pachitsime chimodzi. Ukatseka ndowa imodzi, mawa ina yatunga.

Mwayi wanga unali wakuti kuyambira pa 1 Julayi 2022 Indiana inali ndi lamulo lolola munthu kupempha khoti kuti libise fayilo ya mlandu wothamangitsa m'nyumba, ngati mlanduwo unathetsedwa, kapena wokhala m'nyumbayo anapambana, kapena chigamulo chinasinthidwa pa apilo. Akanandikana nyumba chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo, ndikanangoyenda ndi pepala langa lodindidwa kukachonderera eninyumba mmodzimmodzi. Fomu yake si yovuta: nambala ya mlandu, mayina monga momwe alili m'fayilo, ndi chifukwa chimene ukuyenerera. Umaipereka ku khoti lomwelo, pa nambala yomweyo. Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya mayina imatipweteka Amalawi. Ma Banda ndi ma Phiri ku South Bend si mmodzi kapena awiri, ndipo m'mafayilo a milandu ya lendi ndi ngongole nthawi zambiri simukhala tsiku lobadwa. Ukapeza dzina longa lako usathamangire kulira, yamba waona adiresi. Ndipo pofufuza yesa kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa amene analemba dandaulo mwina sanamvepo za ng' kapena mph. Langa analilemba mopereweza chilembo chimodzi, koma mayi a kutchalitchi aja analipezabe.

Patadutsa milungu ingapo ndinalandira kalata yakuti jaji wavomera. Ndinatsegula tsamba lija, ndinalemba dzina langa molondola, ndinalembanso mopereweza, osatuluka kanthu. Nyumba ndinaipeza mu Novembala, ku Mishawaka, tauni yoyandikana nayo. Mwininyumba watsopano sanafunse chilichonse.

Kope yachiwiri yodindidwa ija ili m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi pasipoti. Mayi wa pawindo ndi amene anandifunsa tsiku lija ngati sindikufuna makope awiri, ndipo ndinamvetsa pambuyo pake: fayilo ikabisidwa sungangofika pawindo n'kuitanitsa ngati kale, pamene kampani ina ikhoza kukhala ikadali ndi mzere wakale uja m'makompyuta ake.

Poti fayilo inali imodzi, dzina la achimwene linabisika limodzi ndi langa. Nditawauza anati, "Chemwali, mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni." Ndinawauza kuti madalitso ndalandira, koma ndalama ya fomu ya nyumba yoyamba ija ndi ya makope ndikuidikirabe. Anati kumapeto kwa mwezi. Sananene kuti mwezi uti.